Miyezi Itatu ndi Kilarineti ya Pulasitiki

Kilarineti yanga inang'ambika pa Ciweru cina m'mamawa, m'mwezi wa Julaye caka ca 2024, ndipo wolakwa ndinali ine mwini. Inu anzanga a kuno ku Chongwe mukudziwa mmene kumazizirira nthawi imeneyo. Usiku wonse inagona m'kacipinda ka kuseri kwa chalichi, pansi pa malata, malo amene sindinayenere kuisiya. Ndinafika mocedwa, anzanga atayamba kale kuyeseza. M'malo moifunditsa m'khwapa kwa kanthawi monga ndinaphunzitsidwira, ndinangoilumikiza msangamsanga n'kuyamba kuuziramo mpweya wotentha wa m'cifuwa. Mtengo ukatenthedwa m'kati kunja kukali kozizira, m'katimo mumafufuma, kunjako n'kulephera kutsatira. Tisanamalize nyimbo yaciwiri mau ake anayamba kutuluka ngati a munthu wa cimfine. Nditapita nayo padzuwa ndinaona kamng'alu kopyapyala ngati tsitsi, kotsika kucokera pamwamba kufika pa timabowo tiwiri ta m'mbali. Mtima unangoti phwii.

Mwina ena mwa inu simunaionepo kilarineti, pakuti mabandi ambiri a m'mipingo yathu ndi a malipenga ndi ng'oma zokha. Ndi citoliro cakuda, cotalika ngati mkono wa munthu wamkulu, cokhala ndi makiyi a citsulo okwana 17. Imagawika zidutswa zisanu kuti ilowe m'kabokosi. Capakamwa pamamangidwa kabango kopalidwa bwino kamene timati ridi, ndipo kabangoka ndiko kamanjenjemera n'kutulutsa mau munthu akauzira. Pansi pa makiyi pali timapadi tofewa totseka mabowo. Kapadi kamodzi kakangolephera kutseka bwino, ngakhale mpata wake ukhale wosaoneka ndi maso, mpweya umathawira pomwepo ndipo kilarineti imaliza kamluzu koboola m'khutu. Musaiwale zimenezi, cifukwa nkhani yanga yagona pamenepa.

Kuno ku Kanakantapa makolo athu ambiri anabwera ali anyamata ndi atsikana. Boma linatsegula derali kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, m'nthawi ya Pulezidenti Kenneth Kaunda, kuti acinyamata osowa nchito m'tauni apatsidwe minda, ndipo dziko la Japan linathandizapo pa nchitoyo. Nthaka ndi ya Asoli, pansi pa amfumu Nkomeshya Mukamambo II, koma anthu tinacokera kosiyanasiyana, ndipo Cinyanja ndico cimatikumanitsa kumsika ndi kuchalichi. Pamalo a anthu a khasu ngati pano cipangizo coimbira sicigulidwa wamba. Zathu zinabwera m'bokosi limodzi, mphatso yocokera kwa abale a mpingo wina wa kutsidya la nyanja: malipenga angapo otiwizika, ndi makilarineti awiri. Ina inali ya mtengo, yolembedwa kuti inapangidwa ku France. Inzake inali ya pulasitiki, yotumbuluka, yokalikakalika, kabokosi kake komangidwa ndi mphira wa chubu ca njinga. Ya mtengo inapatsidwa kwa ine cifukwa ndinali woyamba kuphunzira. Ya pulasitiki inakhala ya ophunzira, ndipo ine ndinkaicha "mpope wa madzi".

Ndinkainyadira kilarineti yangayo, mwina mopitirira. Kunyadako kunakula nditadziwa mtengo umene inasemedwako. Makilarineti abwino amapangidwa ndi phingo, mtengo wakuda bii m'kati, wolemera kotero kuti umamira m'madzi, womwe uja amisiri a ziboliboli amasema ku Kabwata Cultural Village. Umamera m'nkhalango zouma za mbali yathu ino ya Africa, makamaka ku Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique, ndipo umatenga zaka 70 kapena kuposa kuti ukhwime. Amaudula kuno n'kuutumiza ku mafakitale a ku Ulaya, monga ya Buffet Crampon ku Mantes-la-Ville, ndipo umabwerera kwathu utavala zitsulo, mtengo wake wogulira utakwera mosaneneka. Coseketsa n'cakuti m'Ciswahili dzina la mtengowu ndi mpingo. Ndinkakonda kuuza anzanga kuti ine ndimanyamula mpingo wonse m'kabokosi, iwo n'kumaseka. Tsiku limenelo palibe anaseka. Mtengo umene unakula zaka zoposa za agogo anga ndinaung'amba ine m'mphindi khumi cifukwa ca changu.

Aphunzitsi athu a bandi, amene anali woliza lipenga m'bandi ya asilikali asanapume pa nchito, sanandikalipire. Anangoti, "Mwana wanga, za malipenga ndingakonze ndekha, koma izi za mtengo zandipitirira. Upite nayo ku Lusaka." Anandilozera kwa abambo ena acikulire amene amakonza zipangizo zotere pakhomo pao. Lolemba lake ndinayenda mpaka ku Great East Road, n'kukwera minibasi, kabokosi ndili nako pamiyendo ngati ndanyamula mwana wodwala. Abambowo anaiyang'ana nthawi yaitali atavala magalasi awiri. Anandifotokozera kuti mng'aluwo adzauthira guluu wosakaniza ndi fumbi la phingo, ndipo popeza wafika pa mabowo adzalowetsamo tizitsulo topingasa kuti usapitirire. Timapadi tinanso tinali titatha, ndipo tatsopano tinayenera kucokera ku Johannesburg. Cimeneco cinali caka ca cilala, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko. Madzi ku Kariba anali atacepa, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, ndipo makina a abambowo ankadikira magetsi monga tonsefe. "Usandifunse tsiku," anatero. "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Koma kudekhako kunali kovuta. Kumapeto kwa Seputembala kunali msonkhano wa acinyamata a mipingo yathu ya m'dera lino, ndipo bandi yathu inapatsidwa nyimbo zitatu, ina mwa izo yoyamba ndi kilarineti yokha. Aphunzitsi anatsegula kabati n'kutulutsa kabokosi ka mphira kaja. Ndinati bola ndidikire yanga. Iwo anati, "Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Milomo ya woimba ikakhala milungu iwiri osagwira nchito imalefuka. Tenga."

Ndinaitenga ndi manyazi. Pamene ndinali kumasula mphira uja ndinakumbukira amene anaigwira komaliza. Anali mnyamata wina wa giredi 7, mwana wa amai ena a Cigwirizano, wacete, wa zala zazitali zoyenera cipangizoci. Caka capitaco anandipatsa kuti ndizimuphunzitsa. Anayamba bwino, koma mwezi ndi mwezi kamluzu kaja sikankamusiya. Akafika pamalo ovuta, kwiii! Anyamata a malipenga n'kugwa nako kuseka. Ine ndinkamuuza kuti sakutseka mabowo, kuti akuluma ridi, kuti sayeseza kunyumba. Kawiri konse anandiuza motsitsa mau kuti, "Akulu, kapena iyi ili ndi vuto." Ndinamuyankha pamaso pa onse kuti, "Vuto lili m'zala zako. Taona yanga, ikulira conco?" Ndipo ndinaliza yanga ya mtengo mokometsera kuti amve. Sindinaganizepo zotenga yakeyo n'kuiyesa ngakhale kamodzi. Ndinkanyansidwa kuika pakamwa panga mpope wa madzi. Itapita Isitala ya 2024 mnyamatayo anasiya kubwera, ndipo ine ndinauza aphunzitsi kuti analibe mphatso.

Madzulo a tsiku loyamba ndinapita nayo kuseri kwa khola la mbuzi, kumene palibe angandimve. Ndinamanga ridi yanga yabwino n'kuyamba ndi manoti apansi. Anatuluka, koma molemera, ngati ndikukankha wilibala ya mcenga. Kenaka ndinafika pamalo amene oliza kilarineti onse amawaopa. Ndifotokoze pang'ono. Kilarineti ili ndi kakiyi kumbuyo kokanikiza ndi cala cacikulu ca kumanzere, kokweza mau. Pa zitoliro zina kakiyi kotere kamakweza mau masitepe 8, kucoka pa do kufika pa do wapamwamba, koma pa kilarineti kamalumpha masitepe 12. Cifukwa ca ici, pocoka pa noti ya A, imene umaliza ndi cala cimodzi mabowo onse ali otseguka, kupita pa B woyandikana naye, uyenera kutseka mabowo onse nthawi imodzi ndi zala pafupifupi zonse. Ife timati kuoloka mtsinje. Pa kilarineti yanga ndinkaoloka osaganizako n'komwe. Apa ndinangoti ndioloke, kwiii! Mbuzi zinadzidzimuka. Ndinayesanso, kwiii! Kamluzu kake kanali komwe kaja, pamalo pomwe paja.

Musaganize kuti ndinazindikira pomwepo. Mtima wa munthu ndi wocenjera podziteteza. Ndinati ndi ridi, ndinasintha ridi. Ndinati ndi kuzizira, ndinadikira masana. Ndinati zala zanga sizinazolowere, pakuti makiyi ake anali otalikirana mosiyana pang'ono. Kwa milungu iwiri ndinalimbana nayo tsiku ndi tsiku ndikaweruka kudimba, ndipo m'kulimbanako ndinaona zinthu zina zimene sindinazikonde. Ndinapeza kuti cala canga ca mphete ca kumanja cimatera mocedwa, ndiponso kuti ndikamakwera m'mwamba ndimaluma m'malo mokankha mpweya kucokera m'mimba. Kilarineti ya mtengo inkandibisira zimenezi cifukwa inali yofatsa. Iyi inalibe cifundo. Ndinabwerera ku zoyamba zimene ndinazisiya kale poyesa kuti ndazipitirira: kuliza noti imodzi motalika mpaka mpweya utatha, kuyambira pansipansi, kukweza, n'kutsitsanso, kusiya zala za kumanja zili zotseka ndisanaoloke mtsinje, kuima pa galasi la amai kuti ndione cibwano. Mau anayamba kukoma, ndipo ndinadabwa kuti pulasitiki ingathe kulira motero. Koma kamluzu kaja kankabwerabe, kamodzi pa maulendo atatu alionse.

Tsiku lina ndinaimbira foni abambo a ku Lusaka, kunena zoona kuti ndiwafulumize. Nditadandaula za mpope wa madzi anandidula mau. "Mnyamata iwe, unaiyesa ngati ikutaya mpweya?" Ndinati sindidziwa mayesedwe ake. Anandiuza kuti nditenge cigawo capamwamba cokha, nditseke mabowo ndi zala, kumapeto ndi cikhato ca dzanja linalo, kenaka ndiyamwe mpweya ndi pakamwa. Ikakhala yabwino imagwira mlomo monga limacitira botolo. Ndinayamwa, koma mpweya unkangolowa. Anati ndifune tepi ya kaseti yakale, ndidule kacidutswa, ndizikalowetsa pansi pa kapadi kalikonse n'kukoka. Pamene patseka bwino tepi imakanirira, pamene pali mpata imangosololoka. Atate anali ndi makaseti a kwaya m'sutikesi, amene sanalizidwe zaka zambiri, ndipo ndinawapempha imodzi yoduka. Ndinayenda kapadi ndi kapadi. Nditafika pamwamba, pamene kakiyi ka A kamapingasana ndi kanzake, tepi inasololoka ngati palibe coigwira.

"Pamenepo pali kasikuruu kakang'ono, ukukaona?" anafunsa abambowo. Ndinati ndikukaona. "Wina anakamangitsa. Kakamangitsa kamanyamula kapadi, ndiye sikatseka. Pakati pa makiyi awiriwo pamafunika kampata kocepa. Kabweze pang'ono, usafike ndi theka lomwe la kuzungulira." Ndinalibe sikuludiraiva yaing'ono cotero, ndiye ndinagwiritsa nchito nsonga ya kampeni. Ndinapotoza pang'ono cabe. Nditayamwanso, mlomo unagwidwa kuti nga! Ndinalumikiza zonse, manja akunjenjemera, n'kuoloka mtsinje. Noti inatuluka yosalala. Ndinaoloka kakhumi, kubwerera kakhumi, osamva kamluzu ngakhale kamodzi.

Ndinayenera kusangalala, koma ndinakhala pansi pa mtondo wogubuduzika n'kuika kilarinetiyo pamiyendo. Caka cathunthu mwana uja anasekedwa cifukwa ca kasikuruu kocepa ngati njere ya mapira. Iye, wa miyezi yocepa pa cipangizo, anamva kuti cina cake calakwika, ndipo ananena. Ine, amene ndinalimbana nayo milungu iwiri ndili ndi zaka zisanu za kuimba, ndinalephera kuigonjetsa, koma iye ndinkafuna kuti aigonjetse. Timati mau a akuluakulu amakoma akagonera. Awa anali mau a mwana, ndipo anagonera caka.

Kupepesa kwa wamkulu n'kosavuta, cifukwa tinazolowera kugwada. Kupepesa kwa wamng'ono kunanditengera masiku asanu. Ndinkadziuza kuti ndingomuitana abwerere, osachula zakale. Ndinkadziuzanso kuti si ine ndinamanga kasikuruuko. Pa Sondo, abusa akuitana anthu kuti akonzekere Mgonero wa mlungu wotsatira, ndi kuti amene ali ndi kanthu ndi mnzake ayambe wakonza, ndinaona mnyamatayo atakhala kumbuyo pafupi ndi khomo, kutali ndi benchi ya bandi. Madzulo ake ndinanyamula kabokosi ka mphira n'kupita kwao.

Ndinapeza amai ake akusankha nyemba pa licero. Nditaodira anandipatsa mpando, tinapatsana moni, ndipo ndinati, "Amai, ndabwera ndi mlandu, koma wolakwa ndine." Anamuitana. Anabwera n'kunjuta capatali, maso ali pansi. Ndinatsegula kabokosi, ndinamuonetsa kasikuruu kaja, ndinafotokoza zonse, ndipo ndinati, "Unandiuza kawiri, ine sindinamve. Ndinakucititsa manyazi pamaso pa anzako popanda cifukwa. Undikhululukire." Sanayankhe. Amai ake ndiwo anati, "Mwanayu ankabwera kuno misozi ili m'maso. Ankayeseza kumunda kuti alongo ake asamuseke. Ine ndinkangoti mwina Mulungu sanamupatse." Mau amenewo anandilasa kuposa kukalipa.

Ndinamupatsa kilarinetiyo. Anazengereza, kenaka anapukuta manja pa kabudula n'kuilandira. Milomo yake inali italefuka, mau anatuluka ofooka, koma atafika pa mtsinje anaoloka. Anaima, anaiyang'ana, anaolokanso. Ndipo zala zake, anzanga, zinkatera pamodzi bwino kuposa zanga, cifukwa caka conse anakhala akuzilimbitsa poyesa kutseka bowo limene silikanatseka. Anaibweza m'manja mwanga n'kunena kuti, "Ndamva, akulu." Za kubwerera ku bandi sananene kanthu, ndipo ine sindinamukakamize.

Pa Ciweru cotsatira ndinapempha aphunzitsi mphindi ziwiri tisanayambe. Popeza ndinamunyoza pagulu, ndinaona kuti kupepesa kwa kuseri sikukwana. Ndinauza bandi yonse za kasikuruu ndi za mau anga aja. Anyamata a malipenga anangoti zii, ena akuseweretsa mavavu. Aphunzitsi anati naonso ali ndi mbali yao, cifukwa anakhulupirira mau anga osafufuza. Kucokera tsiku limenelo anaika lamulo lakuti wophunzira akadandaula za cipangizo, womuphunzitsa aziyamba waciliza yekha asanatsegule pakamwa.

Msonkhano wa Seputembala unafika kilarineti yanga ikali ku Lusaka. Ndinaimirira pamaso pa khamu ndi mpope wa madzi, dzuwa likuswa mtengo, fumbi lili koboo. Apa pulasitiki inaonetsa ubwino wake, cifukwa siiopa dzuwa kapena kuzizira monga phingo, n'cifukwa cake mabandi oguba panja amaikonda. Nyimbo yoyamba ndi kilarineti yokha ndinaiyamba bwino. Pa vesi yaciwiri ndinalakwitsa noti imodzi. Kilarineti yathu ikaliza C amamveka ngati B fulati wa pa kiyibodi, ndiye nyimbo za m'buku timazikweza ndi sitepe imodzi, ndipo ine ndinaiwala shapu imene ndinayenera kuonjezera. Kumeneko kunali kulakwa kwa mutu wanga, panalibe kasikuruu konamizira. Titatsika, mtsikana wina wa mpingo wa kufupi ndi tauni ya Chongwe anandifunsa ngati kilarinetiyo ndi ya mtengo. Ndinamuuza zoona, koma sanakhulupirire mpaka ataigogoda ndi cikhadabo.

Abambo a ku Lusaka anaimba foni pakati pa Okutobala, masiku amene Asoli amakonzekera mwambo wa Chakwela Makumbi wopempha mvula. Ndinakaitenga. Mng'alu sunkaonekanso, kupatula timadontho takuda pamene panalowa tizitsulo. Anandilangiza kuti milungu yoyamba ndiziiliza mphindi zocepa patsiku, ndiziipukuta m'kati ndikamaliza, ndipo isadzagonenso pansi pa malata. Nditailiza kunyumba mau ake anali okoma monga kale, akuya, onona. Koma poyamba inandivuta, cifukwa manja anali atazolowera inzake, ndipo ndinacita kuipepesa masiku angapo.

Ya pulasitiki ndinaitsuka, ndinaigulira ridi ziwiri zofewa za nambala 2, ndipo atate anakhomera kabokosi kake loko wa sutikesi yakale m'malo mwa mphira uja. Ndinaisiya kwa amai a mnyamata uja osanena zambiri. Milungu itatu inapita osamuona. Pa Ciweru cacinai, mvula yoyamba itagwa usiku wake, ndinafika kuchalichi m'mawa n'kumupeza atakhala kale pa benchi, kumapeto kwenikweni, kilarineti ili m'khwapa.

"Iyo siifuna kufunditsa," ndinamuuza. "Ndi pulasitiki."

"Ndikudziwa, akulu," anatero, koma sanaicotse.

Ndinakhala pambali pake n'kuika yanga m'khwapa, ndipo tinadikira aphunzitsi.